Tsiku Limene a Simenti Anatsika M'buti

Olemekezeka mayi mwini wake wa galaja ino, amene pamaso pa anthu ndiyenera kukutchulani kuti abwana, ngakhale kuti kunyumba ndinu mwana wa malemu achimwene anga ndipo ndinkakuberekani muli ndi mamina. Olemekezeka wapampando wa kalabu ya othamangitsa magalimoto, pamodzi ndi mamembala anu amene mwabwera wapansi chifukwa magalimoto anu onse ali kwa amakaniko. Olemekezeka akuluakulu a kampani imene yatibweretsera makina atsopanowa, amene mwavala masuti oyera m'galaja ngati simudziwa khalidwe la girisi. Olemekezeka mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya zaumakaniko. Olemekezeka adokotala anga, amene sindikudziwa kuti wakuitanani ndani. Olemekezeka bambo ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu, khalani chete, nkhani yanu ikubwera. Olemekezeka mayi akunyumba kwanga, amene mwasankha mpando wakutsogolo kuti muzindiyang'anira bwino. Amakaniko nonse, amayi ndi abambo, landirani ulemu wanu.

Kwa amene simundidziwa, dzina limene anandipatsa makolo lilipo ndithu, koma pagalaja pano silinagwirepo ntchito. Pano ndine Simenti. Ndikuthokoza kuti mwandipatsa mpando wa mlendo wolemekezeka, ndikuthokoza chifukwa cha maluwa amene mwandikoleka pachifuwa, komanso chifukwa cha botolo la madzi limene mwaika pamene ndimayembekezera mbale. Koma ndine wamkulu, sindinamizidwa ndi maluwa. Munthu amene wakhala akufika pamalo m'mawa uliwonse, tsiku lina akamutchula kuti mlendo, ayenera kumva bwino, pakuti akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Makina amene mwandiitanira kuti nditsegulire lero ndi amene akundichotsa ntchito, ndipo mpaka pano palibe amene wandiuza kumene ndipite mawa kukacha.

Tabwera kudzatsegulira makina oyezera mphamvu ya galimoto. Anthu a magalimoto, monga mukuwadziwa, sakhutira ndi kunena kuti yanga ndi yamphamvu. Amafuna nambala yoti akanyadire anzawo, ndipo nambalayo amaiwerenga m'mahatchi. Ine ndasuzumira m'maboneti ambiri ndipo hatchi sindinaipezemo, koma poti ndi mmene anagwirizanirana, tiyeni tizingovomera.

Kumanzere kwanga kuno, pansi apa, mukuona migolo yachitsulo yomira theka m'dzenje. Ife timati marola. Amenewa ndiwo makina akale, amene achimwene anga anayamba nawo galaja ino. Galimoto imakwera pamenepo ndi matayala ake, amakaniko n'kuimanga ndi malamba kutsogolo ndi kumbuyo kuti isathawe, dalaivala n'kuponda moto mpaka pansi. Matayala amazunguza marola, marola amauza kompyuta, kompyuta imauza mwini galimoto, mwini galimoto amakauza tauni yonse atawonjezerapo pang'ono. Ubwino wake ndi woti sipachedwa: wakwera, wamangidwa, wabangula, watsika, wotsatira.

Vuto lake ndi limodzi, ndipo vutolo ndi limene linandidyetsa zaka zonsezi. Tayala ndi chitsulo sizimvana nthawi zonse. Injini ikakhala yolusa, tayala limayamba kupalasa pamwamba pa rola m'malo moigwira, utsi wa labala n'kudzaza m'chipinda, nambala n'kugwa pansi, mwini galimoto n'kuyamba kutukwana makina. Mankhwala ake ndi kulemetsa kumbuyo kwa galimoto kuti matayala akanikizike. Achimwene ankaika matumba a simenti m'buti. Tsiku lina thumba linaphulikira m'galimoto ya bambo wina waukhondo woopsa, amene ankapukuta ngakhale m'kati mwa ekizozi ndi kansalu koyera. Bamboyo anatuluka ali mbuu ngati wagwera m'chigayo, ndipo analumbira kuti thumba lina likayandikira galimoto yake, wina agona kuchipatala.

Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Musaseke, adokotala, ndinali ndi mluzu wabwino kwambiri, ndipo ana ankathamanga ndithu. Tsiku limenelo ndinangodutsa pano kudzadya nawo chamasana. Achimwene anayang'ana simenti yotayikayo, anayang'ana ine ndi fupa la nkhuku m'manja, anayang'ananso buti. Kenako anati, "Iwe, lowa m'buti." Ndinafunsa kuti ndikatani m'menemo. Anati, "Usakachite kanthu, ungokakhala mmene ulilimu." Amayi ndi abambo, m'moyo wanga wonse palibe amene anandilongosolerapo ntchito yondiyenera ngati imeneyo. Ndinalowa, matayala anagwira, nambala inadumpha, bambo waukhondo uja anandikumbatira ndi simenti yakeyo, ndipo mluzu ndinakaubweza kusukulu.

Ena mumaganiza kuti kukhala m'buti ndi ntchito ya ulesi. Bwerani mudzayese. Chitseko cha buti chili pululu pamwamba pako, miyendo ili lendelende panja, ekizozi ikukuwotcha akatumba, thonje lili m'makutu, chifani chachikulu chozizitsa injini chikukuthira fumbi lonse la m'galaja, ndipo galimoto ikunjenjemera mpaka mano akuwombana okha. Sukanda, suyetsemula, susuntha thako, chifukwa ukangopendekeka pang'ono hatchi imodzi yathawa. Magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo ndiwo anali tchuthi changa, chifukwa ankandikhazika kumpando wakutsogolo ngati bwana. Inu a kalabu mumadzitama ndi liwiro, koma ndikuuzeni poyera kuti m'chipinda muno mulibe amene wathamanga kuposa ine. Ndathamanga m'magalimoto a madokotala, a amalonda, a anyamata opanda nzeru, liwiro loti apolisi atalimva angakomoke, ndipo ponseponse sindinafike kulikonse.

Tsono panabuka mwambo umene sukupezeka m'mabuku a aphunzitsi akulu ali apowa. Anauyambitsa ndi wapampando wa kalabuwa, musaweramitse mutu, bwana. Anayezetsa galimoto yawo m'mawa, nambala sinawasangalatse. Anapita kokayenda, n'kubweranso masana osakhudza ngakhale nati imodzi, anayezetsanso, mahatchi anachuluka. Anakhala pansi n'kuganiza mozama, monga munthu wophunzira, kuti chasintha n'chiyani pakati pa m'mawa ndi masana. Chimene chinasintha chinali chimodzi: ine ndinali nditadya.

Mbiri inawanda ngati moto wolusa. Kuyambira pamenepo munthu sankabwera kudzayezetsa galimoto chimanjamanja. Wina nkhuku yathunthu, wina buledi ndi mazira, wina mpunga m'poto wakunyumba kwake, mkazi wake akumufunafuna. Ankafika pachipata osafunsa kuti makina ali bwino, koma kuti, "A Simenti adya?" Panali anyamata awiri opikisana, wina wa galimoto yofiira, wina wa yakuda. Wa yofiira anandidyetsa mpaka batani linathothoka, kenako anakanong'oneza achimwene kuti mnzakeyo amuike m'mawa kwambiri ndisanamwe tiyi. Wa yakuda atazitulukira anabwera ndi mlongo wake wolemera ngati ine kuti tikhale awiri m'buti. Achimwene anakana. Anati galaja ino ili ndi muyezo umodzi, ndipo muyezowo ndi mng'ono wanga.

Chaka china ndinatsekula m'mimba koopsa, ndinaonda mpaka lamba anasowa bowo. Magalimoto onse a kalabu anafooka nthawi imodzi. Panali maliro m'tauni muno. Bambo wina anaphwasula injini yonse, anayala zitsulo pabwalo la nyumba yake kufunafuna mahatchi ake, osadziwa kuti mahatchiwo anathera m'chimbudzi cha kwathu. Nditachira, kalabu yonse inabwera kudzandizonda ndi zakudya, ndipo mayi akunyumba analira poona mmene anthu amandikondera. Sindinawauze chifukwa chake.

Ndipo si mimba yanga yokha imene inkasokoneza marola, tinene chilungamo. Tayala likakhala ndi mpweya wochepa, nambala ina. Likatentha, nambala ina. Likakhala lakutha, inanso. Malamba nawo akamangidwa mothina kwambiri amadya mphamvu, akakhala olobodoka tayala limapalasa. Tili ndi makaniko wathu wamkulu uyo wabisala kuseri kwa jekeyo, amene timamutcha Sipanala. Akakangana ndi akazi ake m'mawa, amamanga malamba ngati akumanga wakuba, ndipo tsiku limenelo galimoto iliyonse imatuluka yofooka. Akadzuka bwino kunyumba, aliyense amapita ndi mahatchi aulere. Choncho nambala ya galimoto yako inkadalira injini, matayala, chakudya changa ndi banja la a Sipanala.

Tsopano, bambo ometa, yafika nthawi yanu. Muone pansi pa galaja ino: ndi potsetsereka kulowera kuchitseko, achimwene anapanga dala kuti madzi otsukira azituluka okha. Musaiwale zimenezo. Tsiku lina tikuyeza galimoto yolusa kwambiri, ine ndili pamalo anga, injini ikubangula, poti chakudza sichiimba ng'oma, lamba wakumbuyo anangoti phwa. Galimoto inadumpha pamarola, inatuluka pachitseko, inawoloka msewu. Ine poti m'buti timakhala chopenya kumbuyo, ndinangoona galaja ikuchepa, achimwene akuchepa, a Sipanala akuchepa atagwira kumutu. Tinakaima pakhonde la bambo ometawa, titagwetsa chikwangwani chawo ndi benchi. Kasitomala amene anali pampando anatuluka ndi msewu pakati pa mutu. Bambowa anatuluka ndi makina ometera m'manja, anandiyang'ana ndili m'buti, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mwabwera kudzameta?" Umenewo ndiwo ulendo wokhawo umene ndinayendapo pantchito yanga.

Achimwene anafika akuthamanga, nkhope itasintha. Galimotoyo inali yodula kuposa galaja yonse, koma sanaiyang'ane n'komwe. Anayamba kundipapasa ine mutu, mapewa, mawondo, akufunsa mobwerezabwereza ngati ndikumva kuwawa. Ataona kuti ndili bwino anandimenya khofi pamsana n'kunena kuti, "Chitsiru iwe, bwanji sunadumphe?" Ndinati munandiuza kuti ndisasunthe. Anakhala pansi pamsewu pomwepo, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti kwa achimwene sindinali thumba la simenti chabe.

Achimwene atatisiya, galaja inatsala m'manja mwa mwana wathuyu. Anapita kusukulu ya aphunzitsi akuluwa, anabwerako ndi maso akuthwa. Anandisunga m'buti mwaulemu, sanandichepetsere ngakhale fupa limodzi. Koma tsiku lina anandikhazika pabenchi n'kunena kuti, "Bambo aang'ono, anthu amabwera kuti tiwakonzere injini, ndipo ine ndikasintha kanthu kakang'ono ndimafuna kudziwa ngati kathandiza. Panopa sindidziwa ngati chawonjezera mphamvu ndi dzanja langa kapena nkhuku yanu." Ndinamuuza kuti zonse ziwiri ndi mphatso za banja lathu. Anaseka, koma makina anawaitanitsabe.

Ndiwo awa ali kumanja kwanga, mabokosi achitsulo okhala ngati mafiriji ogona chagada. Kagwiridwe kake ka ntchito mukukaona kumbuyo kwangaku, kumene amakaniko ayamba kale kuvula matayala galimoto ya wapampando, imene tiyambire kuyeza ndikangomaliza kulankhula. Galimoto amaikweza ndi jeke, amachotsa matayala, ndipo pa habu, chitsulo chija tayala limamangidwapo ndi manati, amamangapo bokosi. Injini ikazungulira, mphamvu imalowa m'bokosi mwachindunji. Palibe tayala loti lipalase, palibe lamba woti aduke, palibe ulendo wa kwa ometa. A Sipanala akangane kunyumba mmene angathere, nambala ndi yomweyo. Uyeze m'mawa, uyeze masana, yomweyo.

Ine sindikhulupirira za m'mapepala a kampani, choncho ndinawayesa ndekha tsiku limene ankawalumikiza. Ndinadya mokwanira n'kukaima pafupi. Nambala sinasunthe. Anthu atayang'ana kumbali ndinakwera m'buti mwakachetechete, ndinakhala bwinobwino monga mwa luso langa, ndinadzilemeretsa ndi mtima wonse. Nambala sinaphethire n'komwe. Ndinatsika ndekha, popanda wondiuza, ndipo ndikuuzeni zoona, zinandiwawa kwambiri. Akuluakulu a kampani, makina anu ndi abwino, koma alibe ulemu.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo monga mlendo wolemekezeka ndili ndi ufulu wotchula matopewo. Pamarola galimoto imangokwera. Apa muyenera kukweza, kumasula, kumanga, kuyeza, kumasulanso, kubwezera, moti wothamangira ukwati asayerekeze. Galimoto iliyonse ili ndi kakhalidwe kake ka mabawuti, ndiye pamafunika mbale yachitsulo yolumikizira yogwirizana nayo. Ikasowa, mubwerera osayezetsa. Inu a kalabu, mvetserani bwino apa: nambala ya makina awa imakonda kukwererapo pang'ono kuposa ya marola, chifukwa tayala silinadyeko gawo lake. Musakaimbe nyimbo m'tauni kuti galimoto yanu yanenepa usiku umodzi, ndipo musakayerekeze nambala ya kuno ndi ya uko, mudzangodana pachabe. Pamsewu mudzayendabe ndi matayala, ndipo adzadyabe gawo lawo. Mwana wanga wandiuza kuti marola sawazula, azithandiza pa ntchito zachangu za magalimoto ofatsa, aja osafuna munthu m'buti. Ndamva, mwana wanga, ndamva bwino lomwe.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye lekani ndinene. Ndikuopa mawa. Mayi akunyumba agula kale nsapato zoyendera, ndaziona pansi pa bedi. Adokotala alamula mbale imodzi, ndipo chifukwa chimene ndinkawapatsa zaka zonsezi, choti thupi ili ndi chipangizo cha ntchito, chatha lero. Koma zimenezo ndingapirire. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti pano ndi pamene ndimamvabe mawu a achimwene. Chitseko chija chikamakwezedwa m'mawa, injini yoyamba ikamatsokomola, ndimakhala ngati ali pafupi ndi benchi apo akupukuta manja. Kunyumba kulibe fungo la girisi, ndipo sindikudziwa kuti munthu amene luso lake lonse ndi kukhala amakakhala kuti akamuchotsa pokhala.

Pepani, ndikuona kuti ena mwasiya kundiyang'ana. A Sipanala, tayala limene mwatsamiritsa kukhomalo layamba kuyenda. Ndinanena kuti pansi pano ndi potsetsereka. Akuluakulu a kampani, kwezani miyendo, masutiwo. Ilo ladutsa, latuluka. Bambo ometa, musathamange, njira likuidziwa lokha, mukalipeza pakhonde. Gwirani linzakelo, anthu inu, nalonso lanyamuka! Adokotala, mwaligwira bwino, ndiye kulimbitsa thupi kumene mumandiuza kuja.

Mwaona tsono, amayi ndi abambo, makina a nzeru zonsezi, koma palibe anaganizapo kuti matayala akavulidwa azikhala kuti. Abwera nalo lothawa lija, zikomo bambo ometa, benchi tidzakonza. Mwana wanga, ukuti chiyani? Lankhula mokweza, makutu anga anathera m'buti.

Kwa amene muli kumbuyo simunamve, mwini galaja wawasanjikiza matayala pambali panga pano, ndipo wanena kuti, "Bambo aang'ono, khalirani matayala." Ndafunsa kuti lero lokha kapena bwanji. Akuti galimoto iliyonse yobwera pa makina atsopanowa izivulidwa matayala, ndipo sakufuna kumakangana ndi ometa tsiku ndi tsiku. Tagwireniko maluwawa. Eya, ndakhalapo. Kutalika kwake ndi koyenera, ndipo ekizozi palibe.

Aphunzitsi akulu, ndamva zimene mwanong'oneza mnzanuyo, zoti tayala logonekedwa pansi siligubuduka ngakhale popanda wolikhalira. Sayansi imeneyo mukaphunzitse kusukulu kwanu. Mwana wangayu munamuphunzitsa nokha, akuidziwa bwino lomwe, ndipo inenso ndikuidziwa. Koma wandiuza kuti ndikhalire, ndipo wanena ndi mawu omwe aja, ndi nkhope yomwe ija imene bambo ake anandiuzira kuti ndilowe m'buti. Musandiyang'ane choncho, ndi fumbi la fani landilowa m'maso.

Mayi akunyumba, nsapato zija ndizivala, ndizibwerera nazo kuntchito wapansi. Adokotala, za mbale imodzi tikambirana mwamtendere, koma mudziwe kuti magalimoto ena amavulidwa matayala onse anayi.

Tsono ndithokoze mwana wanga chifukwa cha kulimba mtima kwake, ndithokoze akampani, amakaniko, a kalabu amene munandilera ndi manja anu, ndi marola akalewa amene tinagwira nawo ntchito popanda kukangana. Riboni yoti ndidule potsegulira makinawa mwaimanga kutali, kuchitseko. Imasuleni mubwere nayo kuno pamodzi ndi sizasi, chifukwa ine ndili pantchito ndipo sindingachoke. Gwirani mbali iyo, wapampando, kokani pang'ono.

Ndi mphamvu zimene mwandipatsa, ndiponso ndi kulemera kumene munandipatsa kale, ine Simenti, nditakhala pamalo anga atsopano, ndikulengeza kuti makina oyezera mphamvu ya galimoto pa habu atsegulidwa tsopano. A Sipanala, lizani injini. Mwana wanga, mawa ndifika nthawi yomwe ija.

Zikomo kwambiri, nonse.